Khutu la Esau

Agogo Nyakayira anakhala pa chikwama cha Esau, natambasula miyendo, nakokera chitenje m'maondo ngati munthu amene wafika kumene amapita.

"Agogo, dzukani. Lole ya chimanga ija sidikira munthu," anatero Esau, mdzukulu wawo, ataima pakhomo ndi chipewa chake chachikulu kumutu.

"Inyamuke. Ndaigwira matayala ine?"

"Mwandikhalira malaya."

"Ndakhalira chikwama cha amuna anga. Chikwama chimenechi chinapitako kale ku chipatala chachikulu. Chinabwerako chokha, mwini wake anabwera pambuyo m'bokosi. Lero ukufuna chikayendenso njira yomweyo?"

Towera, mkazi wa Esau, amapeta nyemba pakhonde, lichero litatsamira pa mimba yake yaikulu. Anasiya kupeta.

"Agogo, adokotala anati tisachedwe. Anati mvula isanagwe."

"Adokotala anamulera ndi iwo? Peta nyemba zako, mkazi mnzanga. Mwamuna uyu tikugawana, koma woyamba kumuona ndine."

Masiku ena mawu amenewa amaseketsa nyumba yonse. Tsiku limeneli palibe anaonetsa dzino.

Esau anabadwa ndi khungu lachialubino. Bambo ake atangomuona anati kumtundu kwawo kulibe zotere, nabweza mayi ndi khanda lomwe ku Wenya, kwa Nyakayira amene anabala mayiyo. Mayiyo sanakhalitse, anamwalira mwana asanayambe kuyenda. Kuyambira pamenepo Nyakayira analimbana ndi adani awiri, dzuwa ndi anthu. Kumunda amamulola m'bandakucha, mame akangouma amamuthamangitsira kunyumba. Zaka zija mbiri inawanda ya anthu osaka ziwalo za anthu achialubino, ena mpaka kufukula manda, gogoyu amamuperekeza ngakhale kuchimbudzi, nkhwangwa ili m'manja, mnyamatayo ali kale ndi ndevu. Mlendo wofunsa njira amamulozera njira yolakwika. Anthu amawaseka, koma mwanayo anakula, nakwatira.

Ndiye kunabwera chilonda. Chinayamba ngati kankhanambo pamwamba pa khutu lamanzere, pamene chipewa chakale chinali chobooka. Chimauma, n'kutuluka magazi, n'kuumanso, mpaka m'mbali mwake munatukuka ngati mlomo wa mphika. Dokotala wa khungu amene anabwera pa chipatala chaching'ono cha m'deralo anachiyang'ana kamodzi kokha nati ndi khansa ya pakhungu. Anati Esau apite ku Mzuzu akadule kansonga ka khutulo, matenda asanalowe mkati.

"Akadula, nyamayo apita nayo kuti?" anafunsa Nyakayira, akadali pa chikwama paja. "Munawafunsa zimenezo? Anthu aja anavutika zaka ndi zaka kufuna kachala kako kokha, analephera. Lero ukufuna ukawapatse khutu wekha, atakugoneka tulo, chitseko chili chotseka?"

"Si anthu amodzi amenewo, agogo."

"Ali ndi chizindikiro pachipumi? Wovala choyera alibe m'mimba?"

Ali mkati mokangana, njinga yamoto inalira kuseri kwa nthochi. Anali a Frackson, chitsiriza wa Nyakayira, amene amagula mchere ndi mabeseni ku Isongole, kutsidya la Tanzania, n'kumagulitsa m'misika. Anatsika fumbi lili tuu m'nsidze.

"Odi kuno! Mwatandala uli, amama? Bwanji nkhope zonse ngati pamaliro?"

"Tatandala, kaya iwe. Muphwa wakoyu akufuna akagulitse khutu ku Mzuzu."

"Ndiye ndafika nthawi yake. Esau, iponye pansi nkhawayo. Bwerani nonse muone."

Anatulutsa foni, nagwada pafupi ndi mayi ake. Pagalasi panaoneka anthu ovala zoyera, timabotolo, ndi chinthu chofiira ngati chiwindi. Kenako timadontho toyera tinalowa m'chinthu chofiiracho, kuwala kunagwerapo, ndipo chinthucho chinafota n'kuda. Mawu anali a Chingerezi, a Frackson namamasulira.

"Awa ndi asayansi, amama. Atenga mankhwala otchedwa zinki okusayidi, n'kuwachepetsa, kuwachepetsa, mpaka tinthu take tichepe kuposa fumbi la ufa woyera, toti diso silingaone. Akatilowetsa m'chotupa timangogona phee. Ndiye akawalitsapo nyale timadzuka, n'kuyamba kuotcha khansa mkati momwemo. Nyama yabwino osaikhudza. Popanda mpeni."

"Wati popanda chiyani?"

"Popanda mpeni, amama. Osadula kanthu."

Nyakayira anawongola msana. A Frackson anapisa dzanja m'thumba la jekete natulutsa kachitini ka pulasitiki.

"Ndalowa mu duka la dawa, sitolo ya mankhwala, ku Isongole, ndangowaonetsa dzinali, ndipo andipatsa. Taonani, dzina lake ndi lomwelo."

Gogoyo sanapondeko m'kalasi, koma sanali munthu womeza zinthu osatafuna. Anatenga kachitiniko, nakagundanitsa ndi foni. Chilembo choyamba chinali chokhotakhota ngati mphezi, uku ndi uku chimodzimodzi. Anatsata zinazo ndi chala, chimodzichimodzi, monga amafananitsira mapazi a mbuzi yosochera. Zinafanana zonse. Anatsegula nanunkhiza. Mafutawo anali oyera mbee, olimba, opanda fungo loipa.

Esau anakayandikitsa pamphuno penipeni, poti maso ake saona patali, nawerenga.

"Zikufananadi, asibweni. Nanga nyaleyo tiitenga kuti?"

"Iwe muphwa, unapitiranji kusukulu? Nyale ya azungu ingapose nyale ya Chiuta? Kwawoko dzuwa kulibe, n'chifukwa chake amavutika ndi mababu. Ife tili nalo laulere."

"Adokotala anati dzuwa ndi limene linayambitsa chilondachi," anatero Towera, maso ali pa nyemba.

"Mankhwala a njoka amapanga ndi ululu wa njoka yomweyo, mlamu. Funsani aliyense."

Nyakayira anaika kachitini pamiyendo, nayang'ana kumwamba. Dzuwa amalidziwa. Analimbana nalo kuyambira mwanayu ali kumsana. Koma mdani womudziwa ali ndi malire ake.

"Dzuwa ndimaliona ndi maso," anatero potsiriza. "Likakula ndimulowetsa m'nyumba. Nanga ku Mzuzu akakatseka chitseko, ine ndikaona chiyani?"

Kumsewu lole ija inaliza hutala kawiri, nimveka ikukwera chitunda mpaka phokoso lake linazilala. Esau sanakankhe agogo ake kuti atenge chikwama. Sanawakanizepo kanthu chibadwire, ndiponso, kunena zoona, mpeniwo nayenso amauopa. Anangokhala pansi pachiwundo navula nsapato.

Kuseri kwa nkhokwe kunali thanthwe limene amayanikapo mawere ndi ufa. M'mawa mwake Nyakayira anasesapo, nayalapo mphasa. Anazula nthenga pa phiko la nkhuku, naiviika m'mafuta aja, napaka chilonda chonse ndi khutu lomwe mpaka payera. Kenako anagwira chipewa cha Esau. Chipewa chimenecho ndi iwo amene amamumenyera ali mwana akachiiwala. Anachivula, nachiika pansi pa ntchafu yawo.

"Tsinzina, mwamuna wanga. Usayang'ane kumwamba."

Inali nyengo yotentha ija mitengo itayoyola masamba, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Gogoyo anamanga kansalu m'maso mwa Esau, navula duku lawo, nakhala naye pomwepo pathanthwe.

"Inu khalani pamthunzi, agogo."

"Tipsa tonse. Ukamva kuwawa undiuze."

Esau sanawauze.

Masiku oyamba zinaoneka ngati zikuyenda. Mafutawo anaphimba chilonda, ntchentche zinachepa, magazi osaonekanso. Nyakayira amayang'ana khutu loyeralo n'kumva mtima ukutsika. Amayerekeza tinthu tija tikudzuka mkatimo ngati linthumbu, n'kumadya choipacho. Anayamba ndi kanthawi kochepa, kenako anawonjezera, kenako mpaka mthunzi wa nkhokwe utabisala pansi pa nkhokwe yomwe.

Koma khosi linafiira. Pamutu, pamene tsitsi lake lachikasu linali lopyapyala, panatuluka matuza. Milomo inang'ambika. Madzulo Esau amanjenjemera ngati wa malungo, malaya akakhudza phewa n'kumaluma mano. Towera anakwera pachulu cha kumunda, pamene foni imagwira, naimbira a Frackson.

"Ndiye kuti akugwira ntchito amenewo!" anakuwa a Frackson mkati mwa phokoso la msika. "Mankhwala osawawa ndi madzi. Musasiye pakati, mungaukwiyitse matenda."

Nkhani inafika pamjigo. Mayi wina wa lilime lakuthwa anafunsa Towera pamaso pa anthu onse kuti, "Chinangwa chanu chija chauma? Tamva kuti Nyakayira wayanika mdzukulu." Anthu anaseka, ena nagwira pakamwa. Towera anasenza ndowa yosadzaza nabwerera.

Anawapeza ali pathanthwe. Anatula ndowa, nagwada movutikira chifukwa cha mimba, monga mwa ulemu wake.

"Agogo, ndiyankhuleko."

"Pakamwa ndi pako."

"Mubwezereni chipewa."

"Mthunzi sunafike."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, agogo. Mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri uko. Mvula ikagwa msewu uja lole sidutsa, mukudziwa."

"Wadziwa liti msewu iwe? Unamudziwa liti munthuyu? Pamene ana anzake amamulavulira unali kuti? Pamene ndimagona chopingasa pakhomo ngati galu, iwe unali kwanu ku Nthalire ukusewera fulaye."

"Ndinali kwathu, inde. Koma amene mumawaopawo amadikira mdima. Inu mukumupha masana, anthu akuona."

M'moyo mwawo Nyakayira anatukwanidwapo zambiri, kuti ndi mfiti, kuti ndi wamisala, kuti analera tsoka, koma mawu awa anali asanawamvepo.

"Towera, pepesa," anatero Esau, nsalu ili m'maso.

"Sindipepesa, a Esau. Mwana ali m'mimbamu adzafunsa bambo ake. Ndidzamulozera thanthwe?"

Anadzuka, nalowa m'nyumba, ndipo anamveka akusisima.

Gogoyo sanabweze chipewa nthawi yomweyo. Anadikira mthunzi ufike pamene unafika dzulo lake, kuti asaoneke ngati agonja kwa mwana. Mantha ali ndi mwano wake, inu. Amakuuza kuti ukasiya lero ndiye kuti masiku onse apitawo unalakwa, ndiye umapitiriza.

M'mawa mwake Nyakayira anafunditsa madzi. Masiku onsewo amangopaka mafuta atsopano pamwamba pa akale, kuopa kuchotsa tinthu tija tili pa ntchito. Tsiku limeneli anati aone okha, kuti akamutseke pakamwa mkazi uja. Anakhazika Esau pakhonde, naviika kansalu, nayamba kupukuta pang'onopang'ono.

Choyamba kuwadabwitsa chinali khungu. Pamene panali mafuta, kuseri kwa khutu, linali loyera bwinobwino ngati la khanda. Pamene mafuta analekezera, ndi pomwe kupsa kumayambira, mzere wake woonekeratu. Dzuwa linapsereza paliponse kupatula pamene iwo amafuna kuti lilowe.

Kenako chikhakha choyera chija chinamatuka chonse, fungo n'kutuluka. Chilonda sichinafote. Chinadya khutu mpaka pakati, n'kutsikira kumene khutu limagwirana ndi mutu. Nyakayira anapitiriza kupukuta chotsika, kuti manja apeze chochita. Pansi pa chibwano chala chawo chinagunda kanthu. Anabwerezanso. Kanali kolimba ngati dzira la njiwa, kosasuntha.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwanabere, agogo."

"Mwanabere amawawa. Chikukupweteka?"

"Ayi."

"Chayamba liti?"

Esau anaweramitsa mutu. "Ndinachimva kale. Ndinaona kuti mwayamba kugona bwino, kudya bwino. Ndinati ndikakuuzani mudzasiyanso."

Nyakayira anayang'ana manja awo. M'mizere ya zikhatho munali mafuta oyera aja, m'zikhadabo momwe. Anawapukutira pachitenje, koma zinki sachoka msanga, anangofalikira.

"Towera!" anaitana. Sanati mkazi mnzanga. "Towera, kabwereke njinga."

Anamukweza Esau pa keliyala, chipewa kumutu, chitenje chonyowa pamapewa, mnansi wawo akukankha. Gogoyo amatsata pambuyo ndi ndodo, kachitini atamangirira pansonga ya chitenje. Njira yonse sanachenjeze munthu za mwala, za njoka, kapena za anthu okumana nawo, ndipo Towera anatembenuka kangapo kuti aone ngati akubwerabe.

Pa chipatala chaching'ono anapeza a Bernard, dokotala wochokera kummwera amene anakhalitsa kuderali. Atavundukula chitenje chija anaimitsa dzanja m'malere.

"Wapsa ndi chiyani munthuyu? Moto?"

Nyakayira anamasula mfundo, naika kachitini patebulo.

"Ndine. Ndimamupaka awa n'kumukhazika padzuwa. Anati muli tinthu timene timadzuka ndi kuwala n'kudya khansa. Tinaona pafoni."

A Bernard anakatembenuza kachitiniko, nawerenga, napuma mpweya wautali. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Amama, zimene munaonazo ndinazimvapo. Akuziyesa ndithu, koma m'nyumba zofufuzira, pa timinofu ta m'mbale ndi pa mbewa. Sizinafike poti n'kuchizira munthu kuno. Tinthu take amatikonza mwapadera, nyale yake ndi yoyeza, si dzuwa ayi. Awa ndi mafuta opaka makanda akasupuka ndi thewera."

"Dzina lake ndi lomwelo. Ndinafananitsa ndekha."

"Dzina ndi lomwelo, inde. Chitsulo cha khasu ndi cha singano n'chimodzi, koma simungasokere malaya ndi khasu. Zinki akakhala pakhungu ntchito yake ndi kutchinga dzuwa. Alimonso m'mafuta aja timawapatsa a Esau kuti asapse."

Anavala magolovesi, nayang'ana khutu, napapasa pansi pa chibwano, mbali iyi ndi inayo, nabwereranso pa chotupa chija. Anachedwapo pamenepo.

"Nenani, adokotala," anatero Esau. "Khutu likadali kumva."

"Poyamba paja akanadula kansonga kokha. Pano ndikuona ngati lichoka lonse, ndipo mwina atsegula ndi m'khosimu. Akanena ndi a ku Mzuzu. Koma musagonenso masiku. Galimoto iliyonse imene mungapeze, kwerani."

"Akatero achira?" anafunsa Towera.

"Akapita pali mwayi. Akakhala palibe."

Nyakayira anasendera kutsogolo pabenchi. Mawu awo anatuluka otsika, osanjenjemera.

"Ndipita nawo. Ndikakhala pakhomo pa chipinda chimenecho. Akadula, andipatse m'manja mwanga. Nditenga nsalu yatsopano, ndikalikulunga, ndidzalikwirira m'nyumba mwanga pansi pa mphasa, pamene palibe angafukule. Mulembe choncho m'kalata mwanumo."

A Bernard anavula magolovesi pang'onopang'ono.

"Sindingakunamizeni, amama. Chimene adulecho chimapita kokapimidwa, kuti aone ngati matenda achoka onse kapena atsalira. Popanda kutero sangadziwe chochita pambuyo pake. Sindikhulupirira kuti angakupatseni."

"Ndiye lipita m'manja mwa anthu amene sindidzawaona."

"Inde."

"Osadziwa kuti aliika pati."

"Ali ndi malamulo ake osungira ndi kutaya. Koma inu simudzaona, zimenezo n'zoona."

Kunja kunachita mdima wa mitambo, ndipo mphepo inakankha zenera. Kutali, cha kumapiri, kunagunda kamodzi. Mayi wina pamzere anakuwira mwana wake kuti akaanule zovala.

Esau anatembenuka thupi lonse, poti khosi silimalola, nayang'ana agogo ake ndi maso ake ovinavina aja.

"Agogo, nenani inu. Mukati ayi, tibwerera kunyumba."

Towera anatsegula pakamwa, koma Esau anamugwira dzanja. Onse anadikira.

Gogoyo anayang'ana khutu lija nthawi yaitali. Analidziwa kuyambira lili kanthu kofewa ngati tsamba la nyemba. Analitsukapo, analikokapo mwini wake akachita mwano, ananong'onezamo machenjezo osawerengeka. Anaganiza za anthu aja, amene anawalota zaka zonsezi osawaona nkhope, atalinyamula m'kabotolo, akuseka. Mantha aja sanachoke. Anali pomwepo pachifuwa, olemera ngati mphero.

"Atenge," anatero. "Kaya akapima, kaya akagulitsa, kaya akadya, atenge. Koma mukawauze, adokotala, kuti kuli nkhalamba ku Wenya imene yapereka khutu. Andibwezere mwini wake."

A Bernard anatenga cholembera. Anakoka pepala nayamba kulemba mofulumira, ndipo padenga la malata panagwa madontho oyamba.